Zikope zalendewera, m'munsi mwa maso mwatuluka timatumba: kodi ndipite ku opaleshoni?

Funso lachokera kwa mayi wa zaka 58 wa ku Lilongwe, mphunzitsi amene anapuma pa ntchito. Iwo akuti: "Adokotala, zikope zanga zam'mwamba zalendewera moti madzulo ndikamawerenga Baibulo ndimachita kukweza nsidze kuti ndione bwino, mpaka mutu kuwawa. M'munsi mwa maso mwatuluka timatumba, ndipo kutchalitchi anthu sasiya kundifunsa ngati ndadwala kapena ndalira. Mwana wanga wamkazi amene ali ku Johannesburg wapeza malo amene akuti angandikonze zikope zonse zinayi tsiku limodzi, ndalama alipira yekha. Ndimamwa mankhwala a BP ndi asipirini tsiku lililonse. Ndilinso ndi chipsera chotupa pakhutu pamene ndinaboola ndili mtsikana. Kodi ndipite?"

Mayi, kwa mwana wanuyo pitani, koma musanyamuke mutavomereza kale kuti zinayi zonse zidulidwa. Malinga ndi mmene mwafotokozera, zikope zam'mwamba zikuoneka kuti zingapindule ndi opaleshoni, pamene zam'munsi ndikufuna ziyambe zayezedwa bwino mpeni usanayandikire. Ndipo pali zinthu ziwiri m'kalata yanu, asipiriniyo ndi mawu akuti "madzulo", zimene zandiimitsa kwambiri kuposa chipsera chimene inu mukuchiopa.

Musachite manyazi ndi funsoli. Zimapweteka munthu uli wosangalala koma nkhope ikuuza anthu kuti watopa kapena waferedwa, ndipo mutu umene ukukuwawaniwo ndi weniweni: mnofu wa pamphumi ukugwira ntchito tsiku lonse kukoka nsidze kuti khungu lichoke panjira ya diso. Opaleshoniyi madokotala timaitcha blepharoplasty, dzina limene Karl Ferdinand von Graefe wa ku Germany analigwiritsa ntchito mu 1818 pofotokoza kukonza chikope chowonongeka. Ntchitoyo ndi yakale kuposa dzinalo, chifukwa Ali ibn Isa, dokotala wa maso wa ku Baghdad, analemba za kuchotsa khungu lolendewera pachikope zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Masiku ano ili m'gulu la maopaleshoni okonza maonekedwe amene akuchitika kwambiri padziko lonse. Kuchuluka kumeneko n'kumene kumapangitsa ena kuitsatsa ngati kumeta tsitsi, ndipo apa ndi pamene ine ndimasiyana nawo.

Iyi ndi opaleshoni yochotsa. Khungu la chikope ndi lopyapyala kuposa lina lililonse pathupi, silikwana ngakhale milimita imodzi, ndipo ntchito yake ndi kuphimba diso ndi kulipaka misozi maulendo 15 kapena 20 pamphindi iliyonse. Telala akasiya diresi lokulirapo, mumabwerera n'kukalichepetsa. Akalidula mopitirira, chotsala ndi chigamba. Ndi chimodzimodzi pachikope: khungu likachotsedwa lambiri, timakatenga lina kuseri kwa khutu n'kusokererapo, diso limatha kutsekekanso, koma chigambacho sichifanana ndi chikope chobadwa nacho. N'chifukwa chake dokotala wabwino amathera nthawi yaitali poyeza kusiyana ndi podula.

Tiyambe ndi zam'mwamba. Anthu akati "chikope chagwa" amakhala akunena zinthu zitatu zosiyana, ndipo mukhoza kuyamba kuzisiyanitsa nokha kunyumba. Khalani pansi kutsogolo kwa kalilole pamalo owala. Tsinzinani, ikani chikhatho pamphumi n'kukanikiza kuti mphumi isakwinyike, kenako tsegulani maso. Nkhope imene muione pamenepo ndiyo yeniyeni, yopanda thandizo la mnofu wa pamphumi. Onani pamene nsidze zazikulu zakhala. Kwa amayi zimayenera kukhala pamwamba pang'ono pa fupa lozungulira diso. Ngati zatsikira pafupapo kapena pansi pake, makamaka chakumapeto cha kukhutu, zikwezeni ndi chala pang'ono. Khungu lolendeweralo likatha n'kukweza kumeneko, ndiye kuti mbali yaikulu ya vuto ili pansidze, osati pachikope. Munthu wotere akadulidwa chikope chokha, mnofu wa pamphumi umapeza mpata wopuma, nsidze zimatsikanso, ndipo pakapita miyezi amaona ngati ndalama zake zapita pachabe. Choipa kwambiri n'chakuti dokotala wofuna kuthamangitsa khungu lonselo amatha kukokera nsidze pafupi ndi tsitsi la m'mphepete mwa chikope, nkhope n'kumaoneka yaukali.

Tsopano nyamulani khungu lopindikalo mofatsa ndi nsonga ya chala, muone m'mphepete mwa chikope momwe mumamera titsitsi. M'mphepetemo muyenera kuphimba pang'ono chabe pamwamba pa chakuda cha diso, milimita imodzi kapena awiri. Ngati mwatsika mpaka kuyandikira kadontho ka pakati kamene timaonera, vutolo si khungu ayi, ndi mnofu wokweza chikope umene wafooka kapena wamasuka pamene unagwira. Zimenezi timazitcha ptosis. M'chipatala timawalitsa tochi patsogolo pa diso n'kuyeza kuchokera pa kakuwala ka pakati kukafika m'mphepete mwa chikope. Pamunthu wabwinobwino pamakhala mamilimita 4 kapena 5, ndipo pakatsala 2 kapena kucheperapo, njira yoonera yayamba kutsekeka. Mukachotsa khungu pamunthu wa ptosis osakhudza mnofuwo, mwamuchotsera chinsalu koma chitseko chikadali chotsekeka theka. Mnofuwo ukhoza kukonzedwa kudzera pabala lomwelo, koma pafunika dokotala amene anaphunzira ntchito imeneyo ndiponso amene wauona vutolo asanayambe.

Ndibwerere ku mawu anu aja akuti "madzulo". N'zotheka kuti ndi kutopa chabe kwa mphumi imene yanyamula nsidze kuyambira m'mawa, ndipo kwa anthu ambiri a msinkhu wanu zimakhala choncho. Koma pali nthenda ina yotchedwa myasthenia gravis imene imafooketsa minofu munthu akamaigwiritsa ntchito, ndipo kawirikawiri imayambira m'zikope: m'mawa maso ali gwa, pofika madzulo chikope chagwa, tsiku lina chamanja, tsiku lina chamanzere, mwina n'kumaona zinthu ziwiriziwiri kapena kuvutika kutafuna ndi kumeza. Imeneyi imafuna mankhwala, si ya mpeni. Chithokomiro chikamagwira ntchito mosokonekera chimatupitsanso zikope ndi kutuzula maso, ndipo kudula diso lotero nthendayo isanakhazikike kumabweretsa mavuto aakulu. Muuzeni dokotala mawu amenewa monga mmene mwandilembera ine. Ndipo kwa aliyense amene akuwerenga: chikope chikagwa mwadzidzidzi, pamodzi ndi mutu waukulu, kuona ziwiriziwiri kapena kukula kwa kadontho ka pakati pa diso, imeneyo si nkhani ya ukalamba. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha wa magazi wa m'mutu ukhoza kukhala utatupa.

Zikapezeka kuti ndi khungu lenileni, monga ndikuganizira, opaleshoni ya m'mwamba ndi imodzi mwa ntchito zimene ndimazikonda, chifukwa munthu amapindula moonekeratu. Pali kayezedwe ka kukula kwa dera limene diso likuona: timayeza chikope chili mmene chilili, kenako timachikweza ndi kapulasitala n'kuyezanso. Kusiyanako kumasonyeza kuchuluka kwa zimene khungulo likukubisirani kumwamba ndi m'mbali. Pepala limenelo n'lofunikanso kwa amene ali ndi inshuwalansi ya zachipatala, chifukwa ambiri salipira opaleshoni yokongoletsa, koma amaganizira ikakhala yothandiza kuona.

Tsiku la opaleshoni, mbali yofunika kwambiri imachitika musanagone. Mumakhala tsonga, dokotala ali ndi cholembera ndi kachoyezera kakang'ono. Amalemba mzere m'khwinya lachibadwa la chikope, limene kwa amayi ambiri limakhala mamilimita 8 mpaka 10 kuchokera m'mphepete. Kenako amatsina khungu lotsalalo ndi kopanira, inu mutatsinzina, mpaka titsitsi ta m'mphepete tingoyamba kugwedezeka, n'kulemba mzere wachiwiri pamenepo. Lamulo limene timaphunzitsana ndi lakuti pakati pa nsidze ndi m'mphepete mwa chikope patsale khungu losachepera mamilimita 20, kuti diso lizitsekeka mutagona tulo. Akatha kulemba ndi pamene amabaya jekeseni ya dzanzi, chifukwa mankhwalawo amatupitsa khungu n'kusokoneza muyeso. Jekeseniyo imaluma kwa kanthawi, kenako mumangomva kukokakoka ndi kafungo ka moto wamagetsi umene timatsekera timitsempha. Kachidutswa ka khungu kooneka ngati tsamba la nsungwi kamachoka. Chikope cham'mwamba chili ndi timatumba tiwiri ta mafuta, ndipo kawirikawiri ka pafupi ndi mphuno ndi kamene kamachepetsedwa. Kale madokotala ankachotsa mafuta ambiri, anthu n'kumatsala ndi maso olowa m'kati ngati odwala nthawi yaitali, motero lero timasunga ochuluka momwe tingathere. Chakunja, cha kukhutu, kuli chiwalo chopanga misozi chimene nthawi zina chimatsika n'kuoneka ngati mafuta. Wosadziwa akhoza kuchidula, diso n'kuuma moyo wonse. Zikope ziwirizo zimatha pafupifupi ola limodzi, mumapita kunyumba tsiku lomwelo, ndipo ulusi umachotsedwa pakapita masiku 5 mpaka 7.

Zam'munsi ndi nkhani ina, ndipo pano ndichedwapo. Chikope cham'mwamba chimathandizidwa ndi kulemera kwake potseka diso. Cham'munsi chimaima chilili kulimbana ndi kugwa, chitagwiridwa ndi timitsempha tiwiri m'makona a diso, ndipo timitsempha timeneti timatamuka munthu akamakula. Chilichonse chochikokera pansi, kaya khungu lochotsedwa mopitirira kaya chipsera cha m'kati, chimachitsitsa.

Funso loyamba ndi lakuti m'timatumba tanuto muli chiyani. Diso limakhala pa mtsamiro wa mafuta m'kati mwa fupa, ndipo mafutawo amatchingidwa ndi kanembanemba kopyapyala. Kanembanembako kakatamuka, mafuta amasuzumira kutsogolo m'timagulu titatu. Thumba la mafuta silisintha kwenikweni m'mawa ndi madzulo, limatukuka kwambiri mukayang'ana kumwamba, ndiponso mukakanikiza diso mofatsa mutatsinzina. Thumba la madzi limakula m'mawa, limaphwa dzuwa likakwera, ndipo limakulirakulira mukadya zamchere wambiri, mukalira kapena mukagwidwa ndi chimfine cha fumbi. Kwa mayi wa BP ngati inu, kutupa kwa m'mawa kumandichititsa kufunsa za impso. Kodi mkodzo ukuchita thovu? Kodi mapazi akutupa? Kuyeza mkodzo ndi magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito n'kotheka pa Kamuzu Central Hospital pompano, ndipo ndikufuna muchite zimenezi musanagule tikiti. Palinso timatumba tina timene timakhala m'munsi ndithu, pafupa la tsaya. Timeneto opaleshoni ya chikope sititha, ndipo nthawi zina timatupa kwambiri pambuyo pake kwa miyezi.

Ndiye pali kuda kwa m'munsi mwa maso, kumene ambiri a ife akhungu lakuda tili nako. Mbali ina ndi mthunzi umene thumba limaponya m'kachigwa ka pansi pake, ndipo umenewo umachepa thumba likaphwa. Mbali ina ndi mtundu wa khungu lenilenilo. Kokani khungulo pang'ono kuti liwongoke pamalo owala: kudako kukatsala, mpeni sungakuchotse, ndipo bala likhoza kukuwonjezera kwa miyezi ingapo. Samalaninso akakutsatsani makina otentha khungu ndi kuwala (laser) kapena mankhwala osupula khungu kuti "amalizitse ntchito", chifukwa pakhungu lathu zimenezi zimasiya madontho akuda kapena oyera mosavuta ngati wochitayo sanazolowere khungu lakuda. Sindikunena kuti inu mumadzola, Mayi, koma poti ambiri awerenga: mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika, ambiri ali ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone. Akamadzoledwa kuzungulira maso amapyapyalitsa khungu, amachedwetsa kupola kwa bala, ndipo angathe kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuyambitsa glaucoma, nthenda yowononga mtsempha woonera, kapena ng'ala. Amene amadzola amuuze dokotala mosabisa, chifukwa iye adzazindikira mochedwa, ulusi ukamang'amba khungu.

Timatumba tikakhala ta mafuta, pali njira ziwiri zolowera. Ina ndi ya m'kati mwa chikope, kumbali yofiira imene imakhudza diso, njira imene Julien Bourguet wa ku France anaifotokoza mu 1924. Kunja sikukhala chipsera, mnofu wotsinzinira sukhudzidwa, ndipo ngozi yoti chikope chitsike imachepa kwambiri. Madokotala ambiri lero satayanso mafutawo, amawayala m'kachigwa ka pansi pa thumba kuti malo onsewo asalale. Njira inayo ndi ya kunja, kudula pafupifupi mamilimita awiri pansi pa titsitsi ta m'mphepete, ndipo imalola kuchotsa khungu lotsala. Imeneyi ndi imene imafuna dzanja loumira. Dokotala asanasankhe, ayenera kukoka chikope chanu cham'munsi n'kuchisiya, inu musakuphethira. Chikope cholimba chimabwerera padiso nthawi yomweyo. Chikachedwa, kapena chikadikira kuti muphethire, n'chotamuka, ndipo chiyenera kumangidwa pakona yakunja nthawi ya opaleshoni. Ngati amene mwapita kukaonana naye sanakhudze chikope chanu ndi chala chake, sanakuyezeni.

Ndikukumbukira mayi wina wa zaka za m'ma 60 amene anabwera kwa ine patapita miyezi inayi atachitidwa zikope zinayi kunja kwa dziko lino. Analowa atavala magalasi akuda, m'manja muli kampango konyowa. Atavula, zam'mwamba zinali bwino ndithu. Koma zam'munsi zinali zitatsika, choyera cha diso chikuoneka pansi pa chakuda, ndipo chakumanzere chinali chitatembenukira kunja moti kufiira kwa m'kati kunali poyera. Misozi inkangotsika patsaya chifukwa kabowo kotulutsira misozi kanali katachoka padiso, komabe disolo linali louma, likumuluma ngati muli mchenga. Anandiuza kuti usiku amamata chikope ndi pulasitala kuti agone. Ndinafunsa ngati anamukoka chikope asanamudule. Anati anaonana ndi dokotalayo kwa mphindi zochepa m'mawa wa tsiku lomwelo, zina zonse anakambirana ndi munthu wa paofesi pa WhatsApp. Tinamukonza, koma panafunika maopaleshoni awiri ndi khungu la kuseri kwa khutu. Chimene chinandipweteka n'chakuti m'zithunzi zake zakale timatumbato tinali tating'ono.

Kuuma kwa maso kufunseni mwapadera. Amayi ambiri akasiya kusamba misozi imachepa, ndipo pambuyo pa opaleshoni kuphethira kumafooka kwa milungu ingapo, diso osatsekeka bwino mutagona. Ngati maso anu amaluma kale, amafiira kapena amatuluka misozi pamphepo, nenani. Pali kayezedwe kosavuta koika kapepala m'chikope kwa mphindi zisanu kuti aone kuchuluka kwa misozi. Maso ouma saletsa opaleshoni nthawi zonse, koma amachititsa kuti dokotala achotse zochepa, ndipo ndi chifukwa china chosachitira zinayi pakamodzi.

Tsopano asipirini ndi BP. Ngozi imene madokotala timaiopa kuposa zonse ndi magazi otayikira kuseri kwa diso. Kumeneko ndi chipinda cha fupa chopanda kotulukira, ndipo magazi akadzaza amafinya mtsempha woonera. Sizichitika kawirikawiri: kafukufuku wina wamkulu wa ku America anapeza kuti zimagwera pafupifupi munthu mmodzi mwa 2,000, ndipo kusaona kosachiritsika n'kocheperapo kwambiri kuposa pamenepo. Koma zikachitika, nthawi yopulumutsa diso ndi ola limodzi ndi theka kapena awiri, ndipo kawirikawiri zimabwera m'maola 24 oyamba, makamaka pamene mafuta akhudzidwa. BP yokwera, mankhwala osungunula magazi, kusanza, kutsokomola mwamphamvu ndi kunyamula katundu ndi zimene zimakulitsa ngoziyi. Asipirini imafooketsa kuundana kwa magazi kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo kuchokera pamene mwamwa komaliza. Koma chonde musaisiye nokha. Funsani amene anakulemberani chifukwa chake mumamwa. Ngati munadwalapo mtima kapena sitiroko, kuisiya kungakhale koopsa kuposa timatumba tanu, ndipo madokotala awiriwo ayenera kugwirizana chochita. Brufen ndi diclofenac, amene ambiri timagula tokha mawondo akamawawa, amachitanso chimodzimodzi, pamodzi ndi mapiritsi a adyo, a mtengo wa ginkgo ndi a vitamini E. Panado yekha ndi amene amaloledwa. BP ikhale itakhazikika kwa milungu ingapo, osati kutsitsidwa mothamanga m'mawa wa tsikulo, ndipo shuga ayezedwenso.

Mwana wanu aloweze pamtima zizindikiro izi, chifukwa iye ndi amene adzakhale nanu usiku woyamba. Opaleshoni ya chikope siyenera kupweteka kwambiri. Ululu waukulu wa mbali imodzi umene ukukulirakulira, diso lotuzuka ndi lolimba ngati mwala, chikope chokanika kutsegula, kuona mdima kapena kusanza, zimenezo si zodikira kuti kuche. Masana ndi madzulo a tsikulo muziphimba diso limodzi ndi dzanja n'kuona ngati linalo likuwerenga, kenako musinthe. Ndipo musachoke pachipatalapo opanda nambala ya foni imene imayankhidwa usiku ndi munthu amene angathe kutsegula balalo.

Za chipsera cha pakhutu, mtima ukhale m'malo pang'ono. Zipsera zotupa zimene timazitcha keloid zimakonda khutu, chifuwa, mapewa ndi chibwano, ndipo n'zofala pakati pa anthu akuda. Khungu la chikope, chifukwa cha kupyapyala kwake, silichita zimenezi kawirikawiri, ngakhale kwa anthu amene ali nazo kwina. Pofunika kusamala ndi pamene bala limatuluka pachikope n'kulowa pakhungu lokhuthala, chakunja cha kukhutu kapena chakumphuno. Muonetseni dokotala khutulo kuti asatalikitse bala mbali zimenezo. Mzerewo udzayamba wakuda kapena wolimba pang'ono kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako udzabisala m'khwinya. Koma akanena zokweza nsidze kapena kukoka nkhope, zimene zimafuna kudula pamphumi kapena pafupi ndi khutu, pamenepo chipsera chanucho chili ndi mawu, ndipo ine ndingakuletseni.

Musananyamuke, kaonaneni ndi dokotala wa maso konkuno. Ku Lilongwe kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Kamuzu Central, ku Nkhoma kuli china chodziwika bwino, ndipo ku Blantyre kuli cha Lions pa Queen Elizabeth. Akuyezeni kuona, mphamvu ya madzi a m'diso, ng'ala, misozi ndi mnofu wa chikope. Pa zaka 58, kuvutika kuwerenga madzulo kungakhalenso nkhani ya magalasi amene atha mphamvu kapena ng'ala imene ikuyamba, ndipo zingakhale zachisoni kudula chikope pamene vuto lili m'kati. Mwina mudzamva kuti "opaleshoni ya chikope timachita pano". N'zoona, anthu athu ambiri anaphunzira kukonza zikope zopindikira m'kati chifukwa cha nthenda ya maso ya trachoma, ntchito imene inathandiza kuti mu 2022 bungwe la World Health Organization livomereze kuti Malawi wagonjetsa nthendayi ngati vuto la dziko. Imeneyo ndi opaleshoni ina, yopulumutsa diso ku titsitsi tolikanda, koma madokotala a maso omwewo angakuuzeni ngati lanu ndi khungu kapena mnofu, ndiponso ngati lingakonzedwe konkuno.

Ku South Africa kuli madokotala aluso kwambiri pa ntchitoyi. Mwana wanu afufuze dzina la dokotalayo, osati dzina la malowo, m'kaundula wa Health Professions Council of South Africa, umene uli pa intaneti. Aone ngati analembedwa ngati katswiri wa maso kapena katswiri wa maopaleshoni okonza thupi, chifukwa dokotala wamba amathanso kutsegula malo okongoletsa anthu. Muonane naye maso ndi maso masiku angapo opaleshoni isanachitike, osati m'mawa womwewo. Mufunseni kuti amachita zingati pachaka, akuonetseni zithunzi za anthu akhungu ngati lanu atapola miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anene amene adzalipire ngati pafunika kukonzanso. Mtengo wotsitsidwa "mukachita zinayi pamodzi" usakukokeni. Pali anthu amene zinayi pakamodzi zimawayenera, koma kwa mayi wa BP, wa asipirini, amene akubwerera kutali, ine ndingayambe ndi zam'mwamba, n'kudikira miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ndaona ambiri amene zam'mwamba zitatseguka, anthu anasiya kuwafunsa ngati adwala, ndipo timatumba ta m'munsi sanatiganizirenso.

Konzekerani kukhala kumeneko masabata awiri pambuyo pa opaleshoni. Basi yodutsa pa Beitbridge ndi ku Tete, masiku awiri mutakhala tsonga m'fumbi ndi mphepo, si ya munthu amene ali ndi ulusi m'chikope, ndipo ngakhale ndege idikire mpaka dokotala atakuonani kachiwiri. Masiku awiri oyamba muziika kansalu koyera kozizira pamaso kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mobwerezabwereza, ndipo muzigona mutu uli pamitsamiro iwiri kapena itatu. Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, choncho musadzidzimuke ndi kalilole. Mankhwala opaka adzakuchititsani kuona mwachimbuuzi, zimenezo n'zachidziwikire. Kwa masabata awiri musawerame kuchapa kapena kukolopa, musasenze ndowa, musabereke mdzukulu, ndipo mukabwerera kunyumba utsi wa nkhuni ndi wa mbaula muupewe kaye. Panja muzivala magalasi a dzuwa, chifukwa dzuwa limadetsa chipsera chatsopano. Pakapita masiku 10 mpaka 14 mukhoza kupita kutchalitchi, koma nkhope yeniyeni imakhazikika pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo. Zam'mwamba zimakhala bwino zaka zambiri, kawirikawiri khumi kapena kupitirira, ngakhale nsidze zimapitiriza kutsika pang'onopang'ono.

M'chikwama muike makhadi anu a kuchipatala, mabotolo a mankhwala onse amene mumamwa, a zitsamba omwe, ndi zotsatira za kuyezedwa kwa impso ndi maso. Muikenso chithunzi chanu cha pamene munali ndi zaka 35 kapena 40, choonetsa nkhope molunjika, mwina cha tsiku limene munajambulidwa ndi ana a m'kalasi mwanu. Dokotala akachiona adzadziwa pamene khwinya la chikope chanu linali, pamene nsidze zinkakhala, ndiponso ngati diso limodzi linali locheperapo kuyambira kale. Muchiike patebulo pake asanatenge cholembera.